Galimoto Yopempha Madzi M'mawa Uliwonse Ikudwala

Kwa zaka pafupifupi ziwiri, ntchito yanga yoyamba m'mawa uliwonse, ndisanalize galimoto, inali kutsegula boneti, kumasula chivindikiro cha rediyeta ndi kuthiramo madzi a m'chigubu chimene chinkakhala kuseri kwa mpando. Ndinkachita zimenezi ndi mtima wonse, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndikuisamala galimotoyo kuposa anzanga amene boneti amaitsegula pa tsiku la sevisi lokha. Madziwo ndinkatunga kulikonse kumene kwandichera: pa mpopi wa kunyumba ku Blantyre, pa mjigo wa m'mudzi umene ndagona, ndipo nthawi zina mumtsinje. Palibe amene anandidzudzula, chifukwa m'madepoti, m'magalaja ndi m'makomo mwathu, munthu wothira madzi m'galimoto m'mamawa timamuona ngati dalaivala wodziwa ntchito yake. Ndinadzazindikira injini itaphwasulidwa kale kuti galimoto yopempha madzi tsiku ndi tsiku imakhala ikudwala, ndipo wothira madziyo amangophimba matendawo.

Galimoto imene ndikunenayi ndi Suzuki Jimny Sierra ya chaka cha 2003, yomwe ndinaitanitsa ku Japan itayendapo kale, ndipo inalowa m'dziko muno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Ndi ya m'gulu la ma Jimny amene anapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2018, ndipo ili ndi injini ya petulo yotchedwa M13A, ya malita 1.3. Ndinaisankha chifukwa ntchito yanga yoyendera magulu a alimi a mpunga imandifikitsa tsidya la kum'mawa kwa Shire, kumene mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo imadula msewu, ndipo galimoto wamba imathera panjira. Jimny ndi yopepuka, ili ndi giya yotsika yokoka ndi mawilo onse anayi, ndipo imadutsa pamene zikuluzikulu zimatitimira. Koma kuchepa kwakeko kuli ndi kuipa kwake. Injini yake ndi ya aluminiyamu, chitsulo chopepuka chimene chimapindika msanga chikatentha mopyola muyeso, ndipo madzi onse oiziziritsa sapitirira malita 6. Land Cruiser ikataya lita imodzi imatsala ndi madzi ambiri ndithu, pamene Jimny ikataya lita imodzi yomweyo yatsala pang'ono kupsa.

Tsiku limene inandiwirira linali la mu Okutobala, mwezi umene kutentha kwa ku Chikwawa kumafika madigiri 40 n'kupitirira. Ndinali nditatha masiku atatu m'misewu ya fumbi, ndipo masana dzuwa lili paliwombo ndinanyamuka kubwerera kumtunda pamodzi ndi mnzanga mmodzi komanso matumba awiri a mpunga kumbuyo. Amene amayenda msewu umenewu akudziwa kuti ukangodutsa pa Thabwa chikweza chimayamba, ndipo galimoto imachoka m'chigwa chotsika kwambiri kulowera ku Blantyre kumene kuli pa mamita oposa 1,000. Tili pakati pa makhotakhota ndinaona muvi wa geji ukusuntha kuchoka pakati kulowera kofiira. Ndinaganiza zokaima pamwamba, popeza pamalopo panalibe poimika pabwino. Patapita mphindi zochepa muviwo unabwerera m'munsi wokha, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Kenako injini inayamba kulira ngati mwalowa timiyala, mphamvu inatha, ndipo nditaima, nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti pamodzi ndi fungo la chitsulo chopsa.

Galimotoyo inakokedwa mpaka ku galaja ya bambo ena achikulire amene akhala akukonza injini kwa zaka zambiri, ndipo iwo asanagwire sipanala anandifunsa funso limodzi: "Achimwene, galimotoyi mumaithira madzi kangati pa sabata?" Nditayankha kuti tsiku lililonse, anapukusa mutu n'kundipempha kuti ndikhale pafupi pamene akumasula, kuti ndidzionere ndi maso anga. Labala la chivindikiro cha rediyeta linali litauma n'kung'aluka. Pamalo pa thermostat, kachitseko kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi malingana ndi kutentha, panalibe kanthu, chifukwa makaniko amene anandichitira sevisi yoyamba galimoto itangofika anaichotsa osandiuza. Madzi otsala m'injini anali odera ngati a m'chithaphwi cha dzinja, ndipo pakati pa rediyeta ndi condenser, karediyeta ka eyakoni kamene kamakhala kutsogolo kwake, panali chikhungwa cha matope ouma osakanikirana ndi njere za udzu, cholimba ngati khoma lomata. Gasiketi, chomatira cha pansi pa hedi (chivindikiro cha pamwamba pa masilinda a injini), inali itapsa, hediyo itapindika, moti inayenera kupita kwa a makina kukapalidwa. Bambowo anandionetsa zinthu zimenezi chimodzi ndi chimodzi, n'kundiuza kuti chikweza cha Thabwa chinangomaliza ntchito imene inayamba kalekale. Muvi uja, anatero, unabwerera m'munsi chifukwa madzi anali atatha ndipo kachipangizo koyeza kutentha kanatsala pouma, kotero kuti nthawi imene mtima wanga unakhala pansi ndi imene injini inali kupsa kwenikweni.

Kuyambira pamenepo ndinafuna kumvetsa bwino mmene madziwa amagwirira ntchito, chifukwa munthu sangasamale chinthu chimene sakuchidziwa. Petulo akapsa m'injini, pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mphamvu yake ndi limene limayendetsa galimoto. Gawo lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi, ndipo lotsalalo limalowa m'chitsulo cha injini ngati kutentha, kumene madzi ayenera kukunyamula n'kukakupereka ku mphepo. Pampu yozunguliridwa ndi lamba imakankha madzi m'tinjira tozungulira masilinda ndi hedi, madziwo amatuluka ali otentha kupita ku rediyeta, amatsika m'timachubu topyapyala tozingidwa ndi timalata, mphepo imadutsa pa timalatato, ndipo amabwerera ku injini atazizirako. Mfundo imene ndinaiphonya kwa zaka ziwiri ndi yakuti njira yonseyi ndi yotsekeka. Madzi akatentha amafufuma, ochulukirawo amapita m'kachigubu ka pulasitiki kamene kali pambali pa rediyeta, ndipo injini ikazizira amakokedwa kubwerera kumene anachoka. Galimoto yabwinobwino imatha miyezi yambiri osafuna dontho lowonjezera, choncho madzi akamachepa ndiye kuti pali pamene akuthawira, kaya akudontha, kaya akuwira n'kutuluka ngati nthunzi, kaya akulowa m'silinda n'kupsera limodzi ndi petulo.

Chivindikiro cha rediyeta ndi chimodzi mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri pa injini, komabe ndi chimene chimagwira njira yonseyi. Ambiri timachiona ngati chotsekera wamba, chofanana ndi cha botolo, pamene m'kati mwake muli sipuling'i ndi mavalavu awiri. Pamwamba pake pamalembedwa nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1 pa galimoto za ku Japan, imene imasonyeza mphamvu ya kupanikizika imene chimasunga m'kati. Madzi wamba amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma akapanikizidwa ndi chivindikiro cha 1.1 sawira mpaka atafika pafupifupi madigiri 120. Komanso munthu akamakwera phiri madzi amawira msanga, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse, moti ku Lilongwe ndi ku Blantyre amawira pa madigiri 96 kapena 97, ndipo pamwamba pa Nyika amawira asanafike pa 94. Injini ikamagwira ntchito yake ya tsiku ndi tsiku imakhala pakati pa madigiri 85 ndi 95, ndipo pa chikweza imapitirirako. Apa n'zoonekeratu kuti galimoto ya chivindikiro chotha imayenda m'mphepete mwa phompho nthawi zonse, ndipo chikweza chimodzi chabe chimakwana kuti madzi awire n'kutayika. Valavu yachiwiri ndi imene imalola madzi kubwerera kuchokera m'kachigubu kaja, ndipo ikamata, payipi ya pamwamba imaoneka yophwanyika ngati yapondedwa galimoto ikazizira. Masiku ano ndimasintha chivindikiro zaka ziwiri zilizonse, ndipo ndimaonetsetsa kuti nambala yake ndi yofanana ndi ya chimene chinabwera ndi galimoto, chifukwa chivindikiro cha mphamvu yopitirira chimatha kuphulitsa rediyeta yakale.

Nkhani ya madzi enieniwo ndi imene imandipweteka kwambiri, chifukwa apa ndi pamene dzanja langa linawononga. Aliyense amene amawiritsa madzi a pa mjigo amadziwa zoyerayera zimene zimamata pansi pa ketulo kapena m'poto pakapita miyezi. Zimenezo ndi mchere wa m'nthaka, makamaka laimu, ndipo ku chigwa cha Shire kuli mijigo ina imene madzi ake amamveka mchere ngakhale pa lilime. Lita iliyonse imene ndinkathira inkasiya mchere wake m'kati pamene madziwo ankatuluka ngati nthunzi, ndipo m'mawa mwake ndinkabweretsa mchere wina. Timachubu ta rediyeta ndi topapatiza kwambiri moti sitichedwa kutsekeka, ndipo zomata za m'tinjira ta hedi zimakhala ngati bulangeti limene limaletsa kutentha kuchoka m'chitsulo kulowa m'madzi. Pamwamba pa zimenezi, madzi atsopano aliwonse amabwera ndi mpweya umene umadyetsa dzimbiri, ndipo m'injini mmene muli aluminiyamu ndi chitsulo wamba pamodzi, madzi a mchere amachititsa kuti chitsulo chimodzi chidye chinzake.

Ndamva anthu ambiri akunena kuti coolant, mankhwala osakaniza ndi madzi a mu rediyeta, ndi wa kumayiko a chisanu, ndipo kuno kwathu n'kuwononga ndalama chabe. Zoona zake n'zakuti mankhwala ake aakulu, ethylene glycol, amaletsadi madzi kuundana, ndipo kupatula pamwamba pa Nyika kumene chisanu chimagwa mu Juni ndi Julayi, kuno sitisowa zimenezo. Ndi zoonanso kuti madzi okhaokha amanyamula kutentha bwino kuposa osakaniza. Koma m'botolo lomwelo muli mankhwala ena oteteza chitsulo ku dzimbiri ndi kusamalira silo ya pampu, imene imaletsa madzi kudontha, ndipo amenewa ndi amene timawafuna. Kuwonjezera apo, madzi osakaniza theka ndi theka sawira msanga ngati madzi wamba. Ine ndimasakaniza gawo limodzi la coolant pa magawo awiri a madzi, ndipo sindilola kuti achepere apa, chifukwa akasungunuka kwambiri chitetezo chija chimatha. Kuthira coolant yekhayekha wopanda madzi ndi kulakwitsa kwa mbali inayo, popeza iye payekha sanyamula kutentha bwino. M'pofunika kuwerenga zolembedwa pa botolo, chifukwa wina amagulitsidwa atasakanizidwa kale, ndipo ndaonapo anthu akumuthiranso madzi mpaka kutsala mtundu wokha. Mtunduwo, wobiriwira, wofiira kapena wa buluu, ndi utoto chabe umene opanga amaikamo, ndipo sutsimikizira kuti mabotolo awiri angasakanizidwe. Madzi osakanizira ndimagula oyeretsedwa aja amene amathira m'batire, ndipo ndimayang'anitsitsa kuti ndisapatsidwe asidi wa batire m'malo mwake, popeza mabotolo ake amakhala moyandikana m'sitolo. Akasowa, madzi a mvula olandiridwa m'chidebe choyera n'kusefedwa ndi abwino kuposa a pa mjigo.

Tsopano ndifike pa thermostat, chifukwa apa ndimatsutsana ndi amakaniko ambiri amene ndimawalemekeza pa zinthu zina. Chizolowezi chochotsa kachipangizo kameneka galimoto ikangofika kuchokera ku Japan chinazika mizu pakati pathu, ndipo chifukwa chimene amapereka chimamveka chanzeru: dziko lathu ndi lotentha, nanga n'kutsekerezeranji madzi? Thermostat ndi chitseko chimene chimakhala chotseka injini ikadali yozizira, kuti itenthe msanga, ndipo chimayamba kutseguka pa madigiri 82 kapena kupitirirapo pang'ono, malingana ndi nambala yodindidwa pa icho. Injini ikatentha ndithu, monga pa chikweza, chitsekocho chimakhala chitatseguka kale chonse, ndiye kuti kuchichotsa sikuwonjezera kanthu pa nthawi imene munthu akufuna thandizo. Chimene kuchotsako kumachita ndi kusiya injini ikuyenda yozizira m'mawa, nthawi ya mvula ndi potsetsereka. Kompyuta ya injini ikaona kuti kukuzizira imapitiriza kupereka petulo wambiri, mafutawo amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, ndipo injini imatha msanga pamene mwini wake akudandaula kuti galimoto ikumwa mafuta. Pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amazungulira osafika ku rediyeta, choncho ikachotsedwa, madzi ena otentha amangobwerera m'injini osazizira konse.

Sindikunena kuti thermostat siwonongeka. Imatha kumata ili yotseka, ndipo galimoto imawira pa makilomita ochepa pamene payipi ina ya rediyeta ili yozizira. Munthu amene zamuchitikira zimenezi ali kutali, monga pa msewu wa Chitimba wokwera ku Livingstonia umene uli ndi makhotakhota pafupifupi 20, ali ndi chifukwa chomveka choichotsera kuti akafike kumene akupita. Cholakwika ndi kusandutsa njira yopulumukira tsiku limodzi kukhala chikhalidwe cha galimoto. Kuiyesa n'kosavuta: imangirirani ku waya, ilendewereni m'poto wa madzi ali pamoto, ndipo iyenera kutseguka bwinobwino madziwo asanawire, kenako n'kutsekanso ikazizira.

Zimene ndanenazi zikukhudza galimoto iliyonse, koma galimoto yoyenda m'tchire ili ndi mavuto akeake, ndipo lalikulu ndi mphepo. Pa tala, liwiro lokha limakankhira mphepo yambiri mu rediyeta. Mumchenga, m'matope kapena pa chikweza cha miyala, munthu amaika giya yotsika, injini imalira kwambiri ndi kutulutsa kutentha kochuluka, pamene galimoto ikuyenda ngati munthu wapansi ndipo mphepo yolowa kutsogolo palibe. Nthawi imeneyo moyo wa injini uli m'manja mwa fani ndi ukhondo wa timalata ta rediyeta. Dzinja limabweretsa matope amene amalowa ali amadzimadzi n'kuuma ndi kutentha kwa rediyeta ngati njerwa ya mu uvuni. Mvula ikatha, kuyambira Epulo mpaka Juni, udzu wa pakati pa tinjira ta kumunda umatalika kupitirira bampala, ndipo njere zake zimapululidwa n'kudzaza kutsogolo konse. Choipa kwambiri n'chakuti zinyalala zambiri zimabisala pampata wa pakati pa condenser ndi rediyeta, pamene diso silifika, moti munthu akhoza kutsuka galimoto mpaka kuwala koma mphepo ilibe podutsa. Njira imene ndinaphunzira ndi kuunika ndi tochi kuchokera kumbali ya injini madzulo, wina akuyang'ana kutsogolo, ndipo pamene kuwala sikukutulukira ndiye kuti patsekeka.

Potsuka, injini ikhale yozizira, ndipo madzi athiridwe kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, kuti zinyalala zibwerere njira imene zinalowera. Matope ouma amafuna kunyowetsedwa kaye ndi kudikira, kenako kuthiranso, mpaka madzi otuluka atayera. Ndimapempha anyamata otsuka galimoto kuti asalozetse makina awo a madzi a mphamvu pa rediyeta, chifukwa timalata take ndi topyapyala ngati pepala ndipo tikagona sitilolanso mphepo. Kamodzi pa chaka, mvula ikangotha, ndimamasula zogwirizira za pamwamba n'kupendeketsa rediyeta pang'ono kuti ndifike pampata wobisika uja. Ena amamangirira neti yopyapyala kutsogolo m'nyengo ya udzu, ndipo imathandiza ngati munthu akukumbukira kuikutumula pafupipafupi ndi kuichotsa akabwerera pa tala.

Kuwoloka mtsinje kuli ndi ngozi imene ambiri saidziwa. Fani ikamenya madzi ikuzungulira mwamphamvu, mapiko ake a pulasitiki amapindikira kutsogolo ngati nkhafi, ndipo amatha kuthyoka kapena kung'amba timachubu ta rediyeta. Ndikafika pa mtsinje ndimaima, ndimalola injini kupuma pang'ono, ndimafunsa eni dera amene amadziwa pamene pali mchenga wolimba ndi pamene madzi anakumba, kenako ndimalowa pang'onopang'ono pa giya yotsika osaponda mafuta kwambiri. Jimny si galimoto ya madzi akuya, ndipo madzi akamaoneka kuti afika pa bampala ndimadikira kapena kubwerera.

Fani ya galimoto yanga imazunguliridwa ndi lamba kudzera pa kalachi yokhala ndi mafuta olimba m'kati, imene imagwira mwamphamvu mphepo yochokera mu rediyeta ikatentha. Kalachi imeneyi ikatha, fani imaoneka ikuzungulira ndithu koma siikoka mphepo, ndipo chizindikiro chake ndi galimoto imene imazizira bwino pa liwiro koma imatentha ikaima pa mzere wa magalimoto kapena ikamakwera pang'onopang'ono. Injini ili yozima, ndimaikankha faniyo ndi chala, ndipo iyenera kuima msanga, osati kupitirira kuzungulira yokha kangapo. Galimoto zimene zili ndi fani ya magetsi zimafuna kuona fyuzi, relay (kasiwichi koyatsa faniyo) ndi mawaya amene matope amawadya. Chikombole cha pulasitiki chozungulira fani chisatayidwe ngakhale chitang'aluka, chifukwa ndi chimene chimaumiriza fani kukoka mphepo kudutsa mu rediyeta m'malo moikoka m'mbali.

Zotsala zimafuna diso ndi dzanja basi. Payipi yabwino imakhala yolimba koma yobwerera ikafinyidwa, ndipo yofewa ngati siponji, yotupa pafupi ndi kilampu kapena youma gwaa ndi yoyenera kuchotsedwa. Matanki a pulasitiki a rediyeta amakhala akuda akadali atsopano, ndipo akasanduka odera ndiye kuti afooka, moti kugwedezeka kwa msewu wa mabampu kumawang'amba mosachenjeza. Pampu ili ndi kabowo pansi pake, ndipo pakaoneka zomata za mtundu wa coolant ndiye kuti silo yayamba kutha. Lamba akhale wokoka bwino ndi wopanda ming'alu. Fungo lotsekemera m'kati mwa galimoto kapena kapeti yonyowa ku mapazi zimasonyeza kuti hita ikudontha. Thovu losatha potsegula rediyeta, utsi woyera umene sukutha injini itatentha, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wa mkaka, zimenezo ndi za gasiketi, ndipo galimoto yotere ipite ku galaja tsiku lomwelo.

Funso limene anzanga amandifunsa kwambiri ndi la chochita muvi ukayamba kukwera, ndipo yankho langa limachokera pa zimene ndinalephera kuchita pa Thabwa. Geji za galimoto zambiri zimakhala pakati kwa nthawi yaitali ngakhale kutentha kukusintha, choncho muvi ukasuntha ndiye kuti zinthu zafika kale patali, ndipo poima ndi pompo, osati pamwamba pa chikweza. Zimitsani eyakoni, tsegulani hita mpaka kumapeto pamodzi ndi mawindo, chifukwa hita ndi rediyeta yaing'ono imene imachotsako kutentha. Ngati madzi sakutayika ndipo nthunzi palibe, lolani injini ilire pang'onopang'ono muli chiimire kuti pampu ndi fani zipitirize ntchito. Ngati madzi akuchucha kapena nthunzi ikutuluka, zimitsani nthawi yomweyo. Chivindikiro chisakhudzidwe mpaka patapita theka la ola kapena kuposerapo, chifukwa madzi opanikizidwa aja amawira onse nthawi imodzi chikangotseguka, ndipo ndinaonapo kondakitala wa minibasi atapsa nkhope ndi chifuwa mwa njira imeneyi, chinthu chimene sindifuna kudzachionanso. Ikazizira, phimbani chivindikirocho ndi nsalu yokhuthala, chipotozeni pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka, kenako thirani madzi pang'onopang'ono. Madzi ozizira othiridwa mwadzidzidzi m'injini yotentha amatha kung'amba hedi. Pa ngozi yotere madzi aliwonse oyera ndi abwino kuposa kupanda madzi, bola munthu akafika kwawo awakhuthule onse.

Za mazira, sopo ndi ufa wa tsabola zimene ena amathira mu rediyeta yodontha ndimazimvetsa, chifukwa munthu ali pakati pa tchire dzuwa likulowa amayesa chilichonse. Komabe chimene chimatseka bowo chimatsekanso timachubu tabwinobwino ndi hita, ndipo ine ndimasankha kunyamula makilampu awiri, payipi yakale imene idakali yabwino, lamba wapadera, tepi yolimba ndi malita asanu a madzi osakaniza kale.

Coolant wamba ndimamusintha zaka ziwiri zilizonse, ndipo ntchitoyi ndimaigwira ndekha Loweruka m'mawa injini ili yozizira. Ndimaimika galimoto mphuno itakwera pang'ono, ndimaika hita pa kutentha, ndimatsegula kotulutsira pansi pa rediyeta, ndipo ndimatsuka ndi madzi oyera mpaka otuluka atasiya kuda. Podzaza ndimathira pang'onopang'ono, kenako ndimaliza injini chivindikiro chili chotsegula, ndikufinyafinya mapayipi, mpaka thermostat itatseguka ndipo thovu litasiya kutuluka. Gawo limeneli silifuna phuma, chifukwa mpweya wotsalira m'hedi umatenthetsa injini ngakhale rediyeta ikuoneka yodzaza. Madzi akale ndimawalandira m'beseni n'kuwatsekera m'chigubu cholembedwa bwino, ndipo sindiwataya pabwalo kapena m'ngalande. Ethylene glycol ndi poizoni wotsekemera pa lilime amene amawononga impso, ndipo agalu, nkhuku ngakhalenso ana aang'ono amakopeka naye. Asasungidwe konse m'botolo la chakumwa.

Boneti ndimaitsegulabe m'mawa ndisananyamuke ulendo wautali, koma chivindikiro cha rediyeta sindichigwira. Pa kachigubu ka pambali kaja ndinalembapo kamzere ndi cholembera chosafufutika, pamene madzi amalekeza injini ili yozizira ndipo galimoto ili pamalo osalala. Mu Meyi wapitayu, nditabwerera kuchokera ku Muona, ndinapeza kuti madziwo atsika ndi chala chimodzi kuchoka pa kamzereko. Sindinawonjezere. Ndinatenga tochi n'kutsatira payipi iliyonse, mpaka ndinapeza zomata zobiriwira pansi pa kilampu ya payipi ya hita, pafupi ndi khoma la kumbuyo kwa injini, pamene kugwedezeka kwa msewu kunaimasula. Ndinaikapo kilampu yatsopano, ndinadzaza mpaka pa kamzere, ndipo nditayang'ananso m'mawa wa tsiku lachitatu ndi lachisanu madziwo anali pomwepo.